Boti Losatha la a Hezekiya

A Hezekiya anali mmisiri wokhoma maboti m'kamudzi kena pafupi ndi Kobwe, moyang'anana ndi Likoma. Asodzi ankawatchula kuti a Mesitiri, kutanthauza katswiri, ndipo chimene ankadandaula nacho chinali kuchedwa kwawo. Thabwa likakhala mopendekera, ankalizula n'kuyambiranso. Boti lawo silinkakhudza madzi mipata yonse isanatsekedwe ndi thonje ndi phula.

Nkhondo itafika kumapiri, phula linasowa. Boti limene ankakhoma chaka chimenecho linangokhala pamchenga, mbali ina yomata, ina dzuwa likulowa m'mipata.

Tsiku lina m'mawa, amayi akuyanika usipa, a Selemane, mlimi wa kumtunda, anatsika phiri akuthamanga, mapazi ali magazi okhaokha.

"Anthu amfuti atentha kwathu. Akubwera njira yomwe ino!"

Mabwato onse anali kunyanja ndi asodzi. Pagombe panatsala amayi, ana, okalamba ndi boti losathalo. Maso onse anatembenukira kwa a Hezekiya.

"Ili silingafike ku Likoma," anatero. "Ndikakukwezani, wokuphani ndikhala ine."

A Yudita, akazi awo, anamasula kapulana, chitenje cha m'chiuno, n'kuyamba kuching'amba.

"Bambo, sitikufuna boti lokhala zaka. Lingotiwolotsa lero basi."

Mfuti inalira kuseri kwa phiri. A Hezekiya anatola nyundo n'kuyamba kukhomera nsanzazo m'mipata. Amayi ena nawonso anang'amba nsalu zawo. Mpata umodzi wa kutsogolo unakana kutsekeka. A Hezekiya anauyang'ana kanthawi, kenaka anati, "Kankhani."

Madzi anayamba kulowa asanapite patali. A Selemane ndi amayi awiri ankapalasa, ena onse akukapa madzi ndi mapoto. A Hezekiya anagwada kutsogolo, atatsendera malaya awo pampata uja ndi manja onse awiri. Kumbuyo utsi unali utayamba kukwera. Pakati pa nyanja madzi anafika m'mawondo, ana n'kusiya kulira.

Anafika ku Likoma dzuwa lili paliwombo, boti likukwawa ngati ng'ombe yodwala. Anthu a pachilumba analowa m'madzi kudzanyamula ana.

A Yudita atawerenga anthu, anapeza kuti a Antonieta, mayi wakhungu wa kumapeto kwa mudzi, palibe. A Hezekiya sanakhale pansi n'komwe. Anapempha phula pang'ono kwa msodzi wina, anamata mpata wa kutsogolo wokhawo, n'kubwerera kumudzi ndi a Selemane. Anawapeza a Antonieta atabisala m'bango, ali moyo.