Fulashi ya Nyimbo za Kwaya

Amuna anga atapuma ntchito ya zankhalango ku Phiri la Zomba, chinthu choyamba chimene anagula chinali tivi. Zaka zonse zija ankalawirira kukwera phiri kukayang'anira ocheka paini, mvula kapena chifunga, ndiye sindinawaletse. Anabwera nayo pa minibasi kuchokera ku Blantyre, ataifungatira pa mpando wakumbuyo. Itafika kwathu ku Zakazaka inakana kulowa pakhomo mpaka anachita kuipendeketsa.

"Iyi ndi ija amati fo kei," anandiuza akung'amba katoni. "Munthu umamuona mpaka thukuta."

Ndinawafunsa kuti thukuta la munthu ndilionerenji, koma sanandimve.

Nseru inandiyamba tsiku lomwelo. Anaitana mmisiri, bambo wachikulire wokonza mawailesi kumsika, ndipo iye anati tichotse kaye tivi yathu yakale pamodzi ndi dikoda. Atangonyamula dikodayo, mphemvu zinayamba kutuluka m'timabowo take, zikuluzikulu ndi tiana tomwe, zina kugwera pa kapeti, zina kukwera mkono wake. Ine ndimasesa ndi kukolopa tsiku ndi tsiku, ndipo ndinachita manyazi. Iye sanadabwe n'komwe. Anaigogoda pa bondo, n'kuika milomo pa kabowo kolowetsa waya, n'kuuzira. Fumbi lakuda linawazikira pa nsalu yanga ya patebulo.

"Zimakonda pofunda, mayi," anatero. "Nyumba iliyonse zilimo."

Kenaka ndi dzanja lomwelo anatola mandasi amene ndinamuikira pamodzi ndi tiyi.

Anaboola khoma, anapachika tivi yatsopanoyo, analumikiza dikoda, sipika yaitali ngati mpini wa khasu, ndi foni ya amuna anga. Mawaya analendewera pansi pake ngati matumbo a mbuzi. Atayatsa, panaoneka mayi wowerenga nkhani amene kwa zaka zambiri ndinkamuona ngati wosalala nkhope. Tsopano ndinaona paudala atang'ambika m'mbali mwa mphuno ndi kachiphuphu pachibwano. Amuna anga anaomba m'manja.

Mbiri inawanda msanga. Loweruka lililonse masana anzawo ankadzaza pabalaza kudzaonera mpira. Nsapato ankavulira pakhomo monga ndinawapemphera, koma ndinanong'oneza bondo, chifukwa fungo la masokosi linkafika mpaka kukhitchini. Makoko a mtedza ankawabisa pansi pa makushoni. Wina ankalavulira zotsalira za nzimbe mu mphika wanga wa maluwa. Za kuchimbudzi sindinena. Mmodzi yekha ndiye ndinkamulemekeza, mkulu wa mpingo wathu, wovala jekete ngakhale mu Okutobala, amene ankati apemphere kaye mpira usanayambe.

Mkuluyu ndiye anasiyira amuna anga fulashi tsiku lina. Anati muli kanema wa kwaya yathu ya amayi, amene anatijambula tikuimba pa msonkhano wa mpingo. Anamva kuti Lachisanu lotsatira amayi adzasonkhana kunyumba kwanga kudzapemphera, ndiye anati tikadzione tokha pa tivi yaikulu.

Lachisanulo amayi anabwera ambiri kuposa masiku onse, atavala zoyera zawo, ena n'kukhala pamphasa chifukwa mipando inachepa. Panalinso akazi a mkulu uja, mayi ofatsa, oyambitsa nyimbo m'kwaya yathu. Titatha kupemphera ndinaitana amuna anga kuti adzatiikire kanemayo. Anabwera akumwetulira, anapereka moni kwa aliyense, n'kulowetsa fulashi kumbuyo kwa tivi. Panatuluka tizithunzi ting'onoting'ono tambirimbiri. Magalasi awo anali atawasiya kuchipinda, ndiye anangodina koyambirira.

Sinali kwaya. Anali mwamuna ndi mkazi ali mbulanda, akuchita za kuchipinda, atadzaza khoma langa lonse, chilichonse chikuoneka bwino lomwe. Phokoso lawo linatuluka pa sipika yaitali ija ngati ali m'nyumba momwemo. Amuna anga anayamba kudina rimoti, ndipo m'malo mozimitsa anakweza mawu. Mayi wina wachikulire anadziphimba kumaso ndi chitenje akufuula kuti, "Mayo ine, Ambuye!" Wina anagwetsa kapu ya tiyi. Ine ndinalumpha miyendo ya anthu n'kukazula pulagi kukhoma.

Tivi inazima. Amuna anga anatuluka panja. Ndinayang'ana akazi a mkulu uja. Maso awo anali pa kachingwe kofiira ka fulashi kolendewera kumbuyo kwa tivi, ngati akukadziwa, kenaka anawerama. Patapita kanthawi anayambitsa nyimbo ndi mawu otsika, ndipo ena onse anayankha. Tinaimba mavesi onse mpaka kumapeto.

Potsanzikana, mayi wachikulire uja anandigwira dzanja pakhomo.

"Pepani, mwanawe. Azibambo akapuma ntchito amasowa chochita. Muziwapempherera."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti onse akuganiza kuti zonyansazo n'za amuna anga. Mawu anafika pamlomo. Koma akazi a mkulu uja anali ataima kumbuyo kwawo, akumanga mpango wawo, osandiyang'ana. Ndinangoti zikomo.

Madzulo amuna anga sanadye. Anandilumbirira kuti sanaitsegulepo fulashiyo, ndipo ndinawakhulupirira, chifukwa munthu wodziwa zili m'katimo sangaike pamaso pa amayi a mpingo. Ndinaizula nditagwira ndi pepala, n'kukaiika pamwamba pa mpanda panja.

M'mawa mwake, Loweruka, mkulu uja anali woyamba kufika, jekete ili pathupi. Anandipatsa moni wa manja awiri, ine manja anga ndinawasiya m'madzi otsukira mbale.

"Ndamva kuti panachitika kangozi dzulo," anatero akuseka pang'ono. "Ana a masiku ano, mayi. Amangotenga zinthu zathu n'kumaikamo zawo."

Mwana wawo womaliza anakwatiwa kalekale ndipo amakhala ku Lilongwe. Amuna anga anatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akulankhula ndi mkulu wa mpingo osavula chipewa.

"Mawa mukawauze amayi aja kuti fulashi ndi yanu."

"Aa, achimwene, nkhani yaing'ono ngati imeneyi tiikuzirenji?"

"Ndiye tengani katundu wanu. Ali pampanda apo."

Anaitenga, anaiika m'thumba la jekete, n'kumapita. Sanakawauze. Mawa lake Lamulungu anaima kutsogolo kuwerenga zolengeza monga mwa masiku onse, ndipo ine ndinatuluka kukaima panja mpaka atamaliza.

Amuna anga anauza anzawo kuti mpira azikaonera kwina. Amayi ena mpaka lero amawapatsa moni mozizira amuna angawo, ndipo iwo amadziwa chifukwa chake. Patapita milungu ingapo ndinakumana ndi akazi a mkulu uja kumsika, pa mabenchi a tomato. Anandisankhira tomato wabwino pa mulu umene ankafuna kugula okha, anandiikira m'jumbo, n'kundifunsa za miyendo yanga imene imatupatupa. Tinayenda limodzi mpaka pa siteji ya minibasi tikukamba za miyendo.