Chala Chimene Chinadinda Fomu Chinali Changa

Lachiwiri ndinakwera shapa, minibasi yathu ija, ku Insaka kuperekeza mlamu wanga Asiyatu kuchipatala china chakutali, dzina ndisunge. Mlamuyu amawamba nsomba kunyanja ya Chiuta. Miyezi inayi yapitayo khunyu linamugwetsera pamoto wowambira, manja onse awiri n'kupseratu. Anagonekedwa kuchipatala komweko ndipo mabala anapola, koma zala zinapindikira m'chikhatho n'kumatirira momwemo. Palibe anamuuza kuti zala zimafuna kumaziwongola pamene bala likupola.

Tsikulo tinapeza birigada, alendo oyeza ubwino wa chisamaliro cha anthu opsa ndi moto. Ndinati eya, lero mlamu alankhula!

Bambo wina wa tayi anakhala pansi ndi fomu.

"Amayi, nsalu za pabedi zinali zoyera?"

"Zoyera, bambo."

"Anamwino ankakupatsani moni?"

"Ankandipatsa."

"Ndiye tinene kuti mwakhutira?"

Mlamu anayang'ana namwino amene anaima pakhomo. "Ndakhutira, bambo."

Inu, mukanayankha chiyani? Munthu wa khunyu amadziwa kuti moto sunathane naye. Anganyoze bwanji dzanja limene mwina lidzamutsukanso bala?

Mafunso anali ambirimbiri, mpaka la utoto wa khoma. Koma loti "kodi mumatha kumanga chitenje nokha?" munalibe. Loti "mudzagwiranso mpeni wotumbulira nsomba?" munalibe. Kwa iwo, wotuluka pageti akupuma ndiye kuti wachira, basi.

Ndipo si iwo okha. Ifenso kumudzi timangoti "bola moyo", kenako aliyense kwawo. Amene amamudyetsa, kumusambitsa ndi kumuperekeza kuchimbudzi ndi mwana wake wamkulu, yemwe wasiya sukulu.

Pomaliza bamboyo anatsegula kabokosi ka inki. "Dindani apa ndi chala chachikulu."

Mlamu anatulutsa manja m'chitenje. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma iye alibe ngakhale chimodzicho. Bamboyo anayang'ana, n'kutsokomola, kenako anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, tithandizeni. Fomu yopanda chidindo saiwerengera."

Ndipo ine, wolongolola wa m'nyuzipepala, ndinadinda. Ndinaopa kuti ndikavuta, mlamu sadzalandiridwanso bwino. Manyazi ake sanandichokebe mpaka lero.

Choncho mukadzamva kuti odwala opsa ndi moto akukhutira kwambiri, musatsutse, umboni ulipo. Mungofunsa kuti: anadindapo ndani?