Chitseko cha Mayi Idella

A Earline Scoggins a kuno ku Toledo anagwira ntchito ku fakitale ya magalasi zaka makumi atatu ndi chimodzi, kusankha matambula pa lamba woyenda wa makina, ong'aluka uku, abwino uko. Analera ana anayi, atatu awoawo, mmodzi wa malemu alamu awo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagonapo m'manja mwa apolisi. Ali ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Pa chakudya cha kutchalitchi, buledi wawo wa chimanga ndiye amayamba kutha. Koma mukafunsa munthu wa ku Chicago kapena ku Atlanta, zonsezi sazidziwa. Iye amadziwa mayi wa diresi yobiriwira amene amaoneka pa kanema n'kunena chiganizo chimodzi chokha: "Amayi ankamutsekera kunsi, mosungira malasha, ndi loko."

Wotsekeredwayo anali mlongo wawo, Wardell Maybin, katswiri uja wa gule wa nsapato zachitsulo, amene anagogoda mapazi m'maholo onse akuluakulu a dziko lino mpaka kutsidya kwa nyanja. Wotsekerayo anali mayi wawo, Mayi Idella. Ndipo nkhani yake yeniyeni ndi iyi, aliyense aimve bwino.

M'chaka cha 1948 banjali linkachita lendi zipinda ziwiri pamwamba pa nyumba ya mayi wina wovuta, Mayi Hruska, amene ankakhala pansi. Bambo anali atamwalira. Mayi Idella ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Wardell, wa zaka khumi, anakhomera zitsekerero za mabotolo kunsi kwa nsapato zake, ndipo mapazi ake sankadziwa kukhala phee. Tsiku lina m'Januwale, chisanu chitafika pachimake, Mayi Hruska anakwera masitepe n'kunena kuti akamvanso gogogo pamutu pawo, katundu yense akamupeza pamsewu.

Mayi wina akanatenga lamba. Mayi Idella anatenga mpeni wa patebulo n'kumasula chitseko cha chipinda chawo chogona. Iwo kutsogolo, Earline wa zaka zisanu ndi ziwiri kumbuyo, ananyamula chitsekocho mpaka kuseri kwa nyumba, kumene kunali kachipinda kochapira, ndipo kunsi kwake kunali mosungira malasha. Anachigoneka pansi, chifukwa simenti imapha maondo ndipo silira bwino. Ochita lendi sankaloledwa kukhalitsa kunsiko, kunali kongotapa malasha n'kutuluka. Ndiye Wardell akatsika, mayi ake ankakhoma loko kunja, kuti Mayi Hruska akadutsa aone loko ali lende, azipita. Kiyi m'thumba la epuloni, thabwa lositira pamwamba penipeni pa mwana wawo, nyimbo za m'buku akuziimba mokweza, simbi ikugunda. Ola limodzi tsiku lililonse akaweruka kusukulu. Nyengo zachisanu zisanu ndi imodzi mayiyo anagona m'chipinda chopanda chitseko, bulangete atalipachika pakhomo, mphepo ya m'kolido ikuwalowa m'mafupa.

Mayi Idella anamwalira mu 1981, Wardell mu 1986. Patatha zaka zitatu kunabwera anthu a mafilimu ofotokoza mbiri ya anthu otchuka, ndi magetsi awo ndi zingwe zawo. A Earline anakonza tsitsi, anavala diresi yobiriwira, anasaina pepala limene anawapatsa, n'kulankhula maola atatu. Atafika pa nkhani ya malasha anati, "Amayi ankamutsekera kunsi, mosungira malasha, ndi loko." Misozi inali pafupi, ndiye anaima kuti apume. Kenako anati, "kuti avine," n'kupitiriza zonse, za chitseko, za bulangete.

Anthu aja anadula pomwe anapumirapo.

Filimu itatuluka, pambuyo pa mawu awo panabwera masitepe amdima, kanyimbo kachisoni, ndi pulofesa wina amene sanapondepo ku Toledo, akufotokoza kuti ululu wa ubwana ndi umene unatsikira m'mapazi a Wardell. A Earline analemba makalata asanu ndi anayi. Anayankhidwa kamodzi, kuwathokoza chifukwa chothandiza kusunga mbiri. Loya wa kutchalitchi anawerenga pepala lija n'kungopukusa mutu: mawu onse a tsiku lija, ndi nkhope yomwe, zinali za eni filimu mpaka kalekale.

Febuluwale aliyense filimuyo imabwerera pa kanema, ndi m'masukulu momwe. Ena atatu amene anapanga mafilimu a Wardell pambuyo pake anakatenga kachidutswa komweko. A Earline anakalamba, imvi zinadzaza, maondo anayamba kudandaula, koma mayi wa diresi yobiriwira sakalamba, akadali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, akunenerabe mayi ake bodza ndi mawu oona. Kogula mankhwala, pabasi, ngakhale pamaliro, munthu wosamudziwa amawagwira dzanja n'kunena chapansipansi, "Pepani, munakula movutika." Poyamba ankafotokoza. Koma nkhani ya chitseko ndi yaitali, ndipo basi siyembekeza. Zobiriwira anasiya kuvala.

Ndiye kunabwera nkhani ya dzina. Mdzukulu wawo Renita, amene amayendetsa basi ya ana asukulu, anali woyembekezera, ndipo adokotala anati ndi wamkazi. Renita analonjeza ali ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti mwana wake woyamba wamkazi adzakhala Idella. Loweruka lina la Seputembala anabwera, anakhala m'khitchini, akungosadza masamba osayang'ana agogo ake.

"Iwe, masambawo akulakwira chiyani? Lankhula."

"Agogo, apongozi anga akukana dzina lija."

"Akukana? Mimbayo ili mwa iwo?"

"Akuti mdzukulu wawo sangatchedwe dzina la mayi wotsekera mwana m'mdima. Akuti kusukulu azidzamuseka Febuluwale aliyense."

"Nanga mwamuna wakoyo, Darnell, pakamwa anaiwala kuti?"

"Akuti iye alibe mbali."

"Alibe mbali! Mimbayi inabwera opanda mbali yake?"

Renita anaseka, koma kuseka kwake sikunafike patali. "Ndinawauza za chitseko, agogo. Anandiyankha kuti anamva okha ndi makutu awo, kuchokera pakamwa panu."

Zaka makumi atatu a Earline anapirira anthu apamsewu. Koma tsopano diresi yobiriwira ija inali italowa m'nyumba, ikufuna kuchotsa mayi awo m'banja lawo lomwe.

Mwezi wotsatira analandira foni kuchokera kwa mtsikana wina wa mawu aulemu, dzina lake Hollis, amene ankamaliza filimu yatsopano ya Wardell. Ena onse otere a Earline ankawadulira foni. Uyu anamuuza kuti abwere.

"Amadula pomwe mwapumira, agogo," anatero Renita. "Mukapuma, lumo limalowa."

"Ndiye sindipuma."

Milungu itatu anayeserera m'khitchini, dzanja pa sinki. Mapapo amene anameza fumbi la magalasi zaka zonse zija si mapapo a mtsikana. Poyamba mpweya unkathera pa malasha. Kenako pa loko, pomwe paja. Anachotsa mawu ena, anasintha ena, mpaka chiganizo chonse chinakwana mu mpweya umodzi.

Analinso ndi umboni. Nyumba ya Mayi Hruska itagwetsedwa, Wardell anapulumutsa chitseko chija n'kuchipereka kwa mlongo wake. Chinali m'galaja, atachigoneka pa migolo iwiri, pamwamba pake mabotolo a mapichesi. Anthu a mafilimu a mu 1989 aja sanachifunse n'komwe.

Hollis anabwera ndi anyamata awiri onyamula makamera. Mtsikanayo anadya buledi wa chimanga, anapempha wina. Ataona chitseko, maso ake anawala. Anyamata aja anachitsitsa pa migolo n'kuchiimika kukhoma.

"Chigonekeni pansi," anatero a Earline. "Chitseko chimenecho sichinaimepo chiyambire 1948."

"Inde, Mayi Scoggins, tichigoneka. Kungoti kuwala kwa pawindo kukuchimenya bwino chikaima. Tijambula mbali zonse ziwiri."

"Mwana wanga, ine ndinapsapo kale ndi anthu inu."

"Ine si iwo aja, mayi. Ndikulonjeza."

Anawakhazika pampando, kachingwe kotolera mawu pakolala. A Earline anakoka mpweya mpaka nthiti kuwawa, n'kuyang'ana m'diso la kamera.

"Amayi anga Idella Maybin anamasula chitseko cha chipinda chawo n'kugona pamphepo zaka zisanu ndi chimodzi kuti mwana wawo apeze povinira ndipo loko uja anali wotchinga eni nyumba kunja osati wotsekera mwana mkati."

Anamaliza maso akuchita chidima. Hollis ankapukuta misozi. Mmodzi wa anyamata aja anaomba m'manja.

Filimu inatuluka m'Febuluwale, Lamlungu madzulo. Banja lonse linadzaza pabalaza, mbale pamiyendo. A Earline a imvi anaoneka kanthawi kochepa, akuyang'ana manja awo, osalankhula. Kenako diresi yobiriwira. Amayi ankamutsekera kunsi, mosungira malasha, ndi loko. Kenako chitseko, chili chiimire m'kuwala kwa pawindo, kamera ikuyenda pang'onopang'ono pa zipsera zake zonse, kanyimbo kachisoni kakulira.

Palibe anatafunanso. Foni ya Renita inalira, anali apongozi ake, ndipo mawu awo anamveka pabalaza ponse: "Mwaziona zikhadabo za mwana uja pachitseko? Ambuye atichitire chifundo."

Hollis anaimba foni mawa lake. Akuti akuluakulu ake ndiwo anali ndi mawu omaliza, akuti nthawi inachepa, akuti anthu anazolowera nkhani ija. A Earline anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Unadya buledi wanga kawiri," anatero, n'kuika foni pansi.

Sabata imeneyo sanatuluke m'nyumba. Koma Lamlungu anapita kutchalitchi, chipewa pamutu, ndipo mapemphero atatha anamugwira Darnell pamkono asanafike pagalimoto.

"Iwe wopanda mbali, tiye kugalaja."

"Agogo, ndavala suti."

"Ndi nsapato zakozo ndikufuna. Tiye."

Chitseko chinali chikadali kukhoma pomwe anyamata aja anachisiya. Anamuuza achigoneke pansi. Darnell ndi chimunthu chachikulu, amakonza mafiriji, koma anachigwira mosamala ngati khanda.

"Kwerapo."

"Ndichithyola, agogo."

"Chinapirira Wardell, iwe ndiwe ndani? Kwerapo. Pakati."

Anakwerapo. Mapazi ake anatsetsereka pang'ono n'kukhazikika okha m'timaenje tiwiri tosalala, pomwe thabwa linadyeka. Anayang'ana pansi.

"Zipserazo zili ngati chiyani?"

"Ngati timiyezi tating'ono."

"Chikhadabo chimalemba mwezi? Ndi zitsekerero za mabotolo zimenezo. Tsopano ndiuze, mwana wofuna kutuluka amakanda pati?"

"Pafupi ndi chogwirira."

"Yang'ana pachogwirira."

Pachogwirira penti anali yense, wosakhudzidwa, woyera ngati wa dzana. Darnell anaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako anakweza chidendene n'kuchigwetsa. Thabwa linayankha, go, mawu ozama, oyera. Anagwetsa chinacho. Go.

"Basi, basi, usanyoze akufa," anatero a Earline. "Mapazi ngati mafosholo."

Darnell sanaseke. "Ndikawauza amayi abwere adzaone."

Amayi akewo sanabwere. Anati iwo anaona kale pa kanema, ndipo kanema ali ndi akatswiri. Mpaka lero akakumana ndi a Earline amapereka moni wa mano okha.

Mwana anabadwa m'Malichi, masana, wonenepa bwino, mapazi akuponda mphepo. A Earline anali pampando pambali pa bedi pamene mayi wolemba mayina analowa ndi pepala lake n'kufunsa dzina. Renita anayang'ana mwamuna wake. Foni ya Darnell inali ikunjenjemera m'thumba. Aliyense ankadziwa woimbayo. Anaisiya.

"Idella," anatero Darnell. "Idella Askew. Ma L awiri."

A Earline anangofinya chikwama chawo pamiyendo kuti asalire pamaso pa mlendo.

Mayi uja analemba, kenako cholembera chinaima. "Idella. Dzina losowa. Ndinalimva mwezi wathawu, mufilimu ya wovina uja. Si mayi uja ankatsekera mwana wake mosungira malasha?" Anakweza maso, anayang'ana a Earline, anayang'ananso. "Dikirani. Inu si aja a diresi yobiriwira?"

Khanda linali litagona. Panja odwala ena ankaitana, ndipo mayiyo anali kale ndi phazi limodzi kukhomo. A Earline anaika chikwama pansi, anagwira chitsulo cha bedi, anaimirira pang'onopang'ono mpaka anatchinga khomo lonse.

"Khalani pansi, mayi," anatero.

Ndipo anakoka mpweya.