Nsalu yachikasu ya aNangozo

Anthu a kompyutawa andilakwira, aNangozo. Pokonza chithunzi chathu chija, nsalu yanu yachikasu aisandutsa yoyera, ati chikasucho n'kuguga kwa pepala. Kuguga kwanji? Munaivala dala pa msika wa Mayani zipani zitangochuluka, mudzi wonse, ndi ine ndemwe, tili ku chipani chakale. Wojambula atati tiyandikane, ndinakana. Inu munaseka n'kundikoka jekete, muli: "Senderani kuno bambo, chisanu sichidziwa chipani."

Mpaka lero ndimati munasankha molakwa. Koma chithunzi munandisiyira n'chimodzi chomwechi, ndipo mayi wofatsa wovala zoyerayu si mkazi wanga wamakani uja. Yohane mwana wanga, bwerera nacho komweko, akawabwezere amayi ako chikasu chawo.