Chipewa cha Mabowo Awiri

Ndikukumbukira chaka chimene ndinaponda chitsa cha bango ku dimba, ndili kamtsikana, mano akutsogolo atangomera kumene. Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, tikukhala kumudzi kwa amayi kufupi ndi Ngabu. Poyamba chilondacho chinali chachibwana, moti ndinapitiriza kuingitsa mbalame m'mapira ngati palibe kanthu. Koma phazi linayamba kutupa, kutupako kunakwera mpaka m'bondo, mwendo wonse n'kumanyezimira ngati aupaka mafuta a nsatsi. Mankhwala a masamba anayesedwa awa, anayesedwa awo, osaphula kanthu. Tsiku lina ndinamva mayi wina akunong'oneza amayi anga kuseri kwa nkhokwe kuti mwendo wotere kuchipatala amangodula. Iwo ankayesa ndagona. Kuyambira pamenepo ndinkangogwira bondo langa ndi manja awiri, ngati kuti wina abwera kudzandilanda.

Chipatala chimene tinkachidziwa chinali cha amishoni, kumapiri, ulendo woti pa machira ukanatidyera masiku. Mwayi wathu unali amalume a Zuze, mlongo wawo wa amayi. Iwo ankayendetsa kagalimoto ka mmwenye wina wogula thonje, kamene kanali ndi bokosi la matabwa kumbuyo lonyamulira katundu. Masiku amenewo galimoto ikadutsa, mudzi wonse unkasiya makasu kukaonerera. Mmwenyeyo analola kuti amalume anditenge, poti anali ndi mchere woti ukatsitsidwe kumtunda komweko.

Abambo anga, a Thomu, anali munthu wa phuma, wolankhula mokweza koma wosasunga mkwiyo. Anagwirako ntchito ku Halale, ndipo chimene anabwera nacho chowapatsa ulemu chinali chipewa cha ubweya wokhuthala, chotuwa, cha lamba wakuda. Chinkakhala pamwamba pa mtanda wa denga, ife ana osaloledwa ngakhale kuchiloza ndi chala. Ankachipukuta ndi chitsononkho, n'kuchivala pa maliro, pa milandu ndi pa ukwati basi. Chinkabisanso dazi limene linawabwerera msanga. M'mawa umenewo anachivala, poti ankapita kukalankhula ndi azungu.

Amalume anafika dzuwa litangotuluka. Anandigoneka pa mphasa pamwamba pa matumba a mchere, amayi atakhala pambali panga. Ine mtima unali kale kumapiri. Koma amalume anali ndi chizolowezi chozungulira galimoto asanailize, ndipo atafika pa gudumu la kumbuyo anaima. Ananjuta, anapisa dzanja kuseri kwake, dzanjalo linatuluka lili bii ndi mafuta osakanikirana ndi fumbi. Anagwira gudumu ndi manja awiri n'kuligwedeza. Ngakhale ine pamwambapo ndinalimva likuti gwede gwede.

"Tsitsani mwana," anatero.

"Alamu, mwanayu akupsa!" anakuwa abambo. "Gudumulo silikuzungulira kodi?"

"Ande, likuzunguliradi. Kuchigwa kuno lizungulira mpaka mawa. Koma mafuta awa alowa m'mabuleki. Tikaima pa chikweza, galimoto ibwerera chambuyo, tonse ndi mchere womwe tikapezeka kuphompho. Nkhabe, ayi, sindikwera phiri chonchi ndi mwana wa mlongo wanga."

Mawu otsirizawo anatseka nkhani. Kwathu mwini mbumba ndi malume, ndipo pa za mwana wa mlongo wake bambo amangolankhula, wogamula ndi iyeyo. Abambo anayenda uku ndi uku akung'ung'udza kuti bola akanangomanga machira dzulo. Ine anandigoneka pansi pa mtengo wa bwemba.

Ndinene zoona, m'mawa umenewo amalume ndinawada. Mwendo unkagunda ngati ng'oma, ntchentche zikundizungulira, koma iwo ankagwira ntchito ngati munthu wopanda kopita. Anatsekera magudumu akutsogolo ndi miyala, anakweza galimoto ndi jeke, anaikanso zipika pansi pake. Anachotsa gudumu, n'kumatulutsa zitsulo chimodzichimodzi, chilichonse kuchiika pa thumba motsatana ndi mmene chatulukira. Mabering'i, tizitsulo tija timene gudumu limazungulirapo, anawatsuka ndi palafini m'mbale ya amayi, n'kumawayang'ana padzuwa kamodzikamodzi ngati mayi wosankha mpunga. Akutero ankaimba kanyimbo ka Chisena chapansipansi. Kanyimbo kameneko ndi kamene kanandipweteka kwambiri.

Kenaka anakolowola m'kamwa mwa ekiselo, chitsulo chimene gudumu limalowamo, n'kutulutsa kamphete kakuda, kofumbutuka, kamene kanangonyenyeka m'manja mwawo. Anati kameneko ndiko kamatseka mafuta kuti asatuluke, ndipo kena kotere kangapezeke ku Kabula kokha. Amayi anabweretsa thonje, amalume anati mafuta alidya lisanafike pa mtsinje woyamba. Anabweretsa chikopa cha mbuzi, anati nchouma, chipala chitsulo. Bulangete analikoka m'mphepete, linasosoka, analibweza. Amalume anatsala atanjuta pomwepo, thukuta likudontha pachibwano. Kenaka maso awo anakwera pang'onopang'ono, n'kukaima pamutu pa abambo.

Abambo anabwerera m'mbuyo.

"Alamu, musandiyang'ane choncho."

"Ine sindinalankhule kanthu," anatero amalume.

Ine ndinadziwa kuti basi, zathera pamenepo. Chipewa chimenecho ndinali ndisanaonepo chili m'manja mwa munthu wina, ngakhale amayi. Abambo anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, maso awo anakhalitsa pa mwendo uja. Anavula chipewa, anachipukuta kamodzi ndi mkono, n'kuchipereka atayang'ana kumbali. Amalume anachiika pa chipika, anasanjikapo chitsulo choyezera kukula kwa kamphete, n'kuzungulitsa nsonga ya mpeni pamwamba penipeni. Anadula kamphete, anakanyika m'mafuta, anakalowetsa pamalo pake mochita kugogoda pang'onopang'ono ndi kamtengo. Kanakhala ngati kanabadwira momwemo.

Abambo anatambasula dzanja kuti alandire chotsalacho. Amalume sanapereke.

"Kwatsala mbali inayo."

"Mbali inayo sikudontha!"

"Lero sikudontha. Timphete timeneti tinaikidwa tsiku limodzi, kenako katsala pang'ono. Mukufuna kakatidonthere pa phiri?"

"Mulungu wanga," anatero abambo, "munthu uyu akufuna andivule ndi malaya omwe." Amayi anaseka mosafuna, misozi ili m'maso. Chipewa chinabooledwa kachiwiri.

Pobwezeretsa gudumu, abambo anafuna kufulumizitsa ntchito. Analanda sipanala n'kumanga nati yaikulu yogwira gudumu ndi mphamvu zawo zonse, mpaka kuiponda ndi phazi. Amalume anangowasiya. Abambo atamaliza, amalume anawauza kuti alizungulitse gudumulo. Abambo anakankha, gudumu linangoti njo, osasuntha.

"Mwalimanga ngati mbuzi yodya m'munda mwa eni," anatero amalume. "Chonchi litentha, lipsa, litikanirira pakati pa tchire."

Anamasula nati ija. Anayambanso kumanga pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi, linalo likuzungulitsa gudumu, khutu atatchera. Litayamba kulemera anaima, n'kubweza sipanala pang'ono chabe. Analigwedeza, silinayankhe. Analikankha, linazungulira lokha mwakachetechete mpaka kukaima pofuna ilo. Analowetsa kawaya kotsekera nati, napinda nsonga zake. Mabuleki anawatsuka ndi palafini n'kuwaumitsa padzuwa. Mbali inayo anachita chimodzimodzi, osadumpha kanthu. Pomaliza anapukuta manja m'fumbi n'kunena m'Chisena kuti, "Pyadidi, zili bwino. Kwezani mwana."

Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Titayenda pang'ono anaimitsa galimoto, anatsika, anagwira pakati pa gudumu lililonse ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati latentha, n'kukweranso. Anachitanso zomwezo tisanayambe phiri. Abambo nthawi imeneyi sanadandaule. Anakhala kumbuyo ndi ife, chipewa chili pa bondo, dazi likupsa ndi dzuwa.

Msewu wa phirilo unali wa miyala, wokhotakhota, mbali imodzi khoma, mbali ina phompho. Pa chikweza china chachikulu injini inatsokomola n'kuzima. Galimoto inaima, kenaka inayamba kubwerera chambuyo. Ndinamva matumba a mchere akusuntha pansi panga, amayi anandikumbatira n'kuitana dzina la mayi awo amene anamwalira kale. Amalume anakoka chitsulo cha mabuleki. Magudumu akumbuyo analira, anakhwekhwereza timiyala, n'kugwira. Abambo analumpha kukaika mwala waukulu kuseri kwa gudumu. Ali chogwada choncho anasuzumira kuphompho, kumene nsonga za mitengo zinkaoneka ngati udzu. Anadzuka nadzisasa fumbi. Anangopita kutsogolo kukapukusa okha chitsulo cholizira injini.

Tinafika dzuwa lisanalowe. Dona wa chipatala anandiyang'ana mwendo nthawi yaitali, akudina apa ndi apo, ine ndikungoyang'ana manja ake kuti ndione ngati atenge chodulira. Anang'amba pansi pa phazi, mafinya anatuluka osati masewera, ndipo pamodzi nawo panatuluka kachidutswa ka bango kakuda. Bambo wina wothandizira, amene ankamasulira, anatembenukira kwa amayi.

"Akuti mwendo sudulidwa. Uchira."

Amayi anakhala pansi pomwepo n'kulira ngati kwagwa maliro. Ine manja anga anamasuka pa bondo paja, ndipo ndinamva thupi lonse likupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Panja ndinamva abambo akuthokoza m'Chisena kuti, "Takhuta, alamu." Amalume anawayankha kuti athokoze chipewa chawo, ndipo akadzapitanso ku Halale adzagule chachikulupo, poti magudumu alipo anayi.

Ndinakhala kumishoniko mpaka bala litapola, ndipo ndi komweko kumene ndinayamba kudziwa zilembo. Patapita zaka amayi anandiuza kuti tsiku lija amalume ankawakokera pambali kawirikawiri kufunsa ngati kutupa kwadutsa bondo, ndipo phala limene anawapatsa silinalowe. Kanyimbo kaja kanali koletsa manja kunjenjemera. Ine pansi pa bwemba paja ndinkayesa kuti wondikonda ndi amene akufulumira. Lero, nditalera ana anga ndi kudwazika ena mwa iwo, ndikudziwa kuti amalume mantha anali nawo ngati tonsefe, kungoti sanalole kuti mantha awagwirire sipanala. Tikananyamuka m'mawa muja mmene ine ndi abambo tinkafunira, bwenzi nkhaniyi palibe woilemba.

Chipewa chija abambo sanachitaye. Anapitiriza kuchivala pa maliro ndi pa milandu mpaka ukalamba wawo, mabowo awiri ali pamwamba, dazi likusuzumira. Anthu ankawaseka, ndipo alendo ankafunsa kuti kodi chadyedwa ndi makoswe, nanga zidutswa zake zinapita kuti. Abambo sankakwiya. Ankangondiyang'ana ndikudutsa pabwalo ndi mtsuko pamutu, n'kuloza ndi chibwano.

"Si izo zikuyenda apozo," ankatero.