Tsiku Limene Tinanyowetsa Mjigo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6 pasukulu ina ya kwa Mavwere, mjigo wa pasukulupo utafa. Unafa mvula isanayambe, dzinja lonse n'kutha uli chomwecho. Atsikanafe tinkapita kuchitsime cha kudambo m'mawa uliwonse, n'kubwera ndi madzi otuwa onunkha matope, madiresi atanyowa ndi mame.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ya fodya. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo ku Mchinji anangobwera kudzalima. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma wailesi yawo yomanga ndi mphira sinkazima. Loweruka lina masana tikusankha fodya m'chigafa, ndinamva dzina la dera lathu likutchulidwa. Amene ankalankhula anali bwana wina wa ku Boma, wa mawu okhuthala. Iye anati mijigo yonse ya m'sukulu za kwathu yakonzedwa, ndipo palibenso mwana amene akumwa madzi a kudambo.

Ndinasiya fodya n'kuthamangira kusukulu. Sindinkakayika ayi, ndinkangofuna kukhala woyamba kumwa. Ndinagwira chitsulo cha mjigo n'kuyamba kupopa. Chinangolira kwii, kwii, ngati chitseko chakale. Ndinasuzumira kumpope, ndinapezamo ulusi wa kangaude.

Pobwerera ndinkaganiza zambiri. Mwina madzi amachedwa kufika akakonza. Mwina pali sukulu ina ya dzina ngati lathu. Zoti munthu wamkulu wovala tayi angakhale pansi n'kuuza dziko lonse chinthu chimene kulibe sizinkandilowa m'mutu.

"Ababa, kodi wailesi imanama?" ndinafunsa.

"Wailesi ndi chitsulo, Tadala. Amanama ndi anthu," anatero osadzutsa mutu. Kenaka anayang'ana kukhomo kwa chigafa. "Koma zimenezo zithere muno."

Chimene chinandisokoneza n'choti sabata yomweyo aphunzitsi athu, Mayi Zulu, anali atatiphunzitsa za ufulu wachibadwidwe. Anati masiku ano Mmalawi aliyense, ngakhale mwana, ali ndi ufulu wolankhula maganizo ake ndi wofunsa amene akumulamulira. Tinalemba m'makope, tinaloweza. Nanga bwanji bambo ankayang'ana kukhomo?

Patapita masabata angapo, a hedi analengeza kuti bwana yemwe uja akubwera kudzaona sukulu. Tinasesa, tinapaka miyala laimu, tinakonzekera nyimbo. M'mawa wa tsikulo a hedi anaitana atsikana a kalasi yathu n'kutituma kudambo ndi ndowa. Titabwera anatiuza kuti tikhuthulire madziwo pa simenti ya mjigo ndi mu ngalande yake. Anzanga ankaseka. Ine ndinkayang'ana madzi amene tinasenza mtunda wonse uja akulowa m'nthaka, ndipo ndinkadzifunsa kuti kodi tikunamiza bwanayo, kapena tikumuthandiza kunamiza ena.

Bwanayo anafika dzuwa lili paliwombo, pagalimoto yoyera. Anali wamfupi kuposa mawu ake. Podutsa pamjigo analoza simenti yonyowa ija n'kugwedeza mutu mokhutira, koma chitsulo sanachikhudze. Analankhula nthawi yaitali makolo atakhala pansi pa mtengo wa mango, ife padzuwa. Pomaliza anatambasula manja n'kunena kuti, "Ino ndi nthawi ya demokalase. Ana inu, alipo ali ndi funso?"

Ndikhulupirira kuti ankayembekezera kuti tingoomba m'manja. Ine ndinamva ngati afunsa ine ndemwe, popeza funso ndinali nalo, ndipo linali litandivutitsa masabata onse aja. Ndinakweza mkono, ndinaimirira, n'kupinda mawondo mwaulemu.

"Bwana, mjigo umene munanena pawailesi kuti mwakonza ndi uti? Chifukwa wathuwu madziwo tathira ndife m'mawa uno."

Mayi wina kumbuyo anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje. Bwana uja anamwetulira ndi mano okha. Anati ndine mwana wanzeru, ndipo nkhani ya mjigo ili m'kati. Sanadikirenso gule amene anyamata anakonza. Anakwera galimoto n'kumapita.

A hedi anandiitanira ku ofesi. Anati ndachititsa manyazi sukulu, ndipo ndikumbe dzenje la zinyalala. Ndisanatuluke analowa Mayi Zulu.

"A hedi, ngati pali wolakwa ndine," anatero. "Mutu umenewu ndinaphunzitsa ndine, ndipo uli m'silabasi. Mlendo anapempha funso, mwana wafunsa. Tikamukumbitsa dzenje, pamayeso ndidzachonge yankho liti?"

Dzenjelo sindinakumbe. Koma nkhani inali itafika kale ku esiteti, ndipo mwini esiteti anali mnzake wa bwana uja. Kapitawo anabwera kunyumba madzulo, anaitanira bambo kuseri kwa chigafa. Ndinamva mawu ochepa chabe: akuti matenanti ofuna malo ndi ambiri, ndipo amene ali ndi ana a pakamwa aganize bwino za chaka chamawa. Bambo anabwera atagwira chipewa m'manja. Aka kanali koyamba kuona munthu wamkulu ali ndi mantha, ndipo mantha akewo ndinali nditawabweretsa ndine. Tikanachotsedwa, tinalibe munda woti n'kubwererako.

Ndinadikira mkwapulo, koma sunabwere. Anakhala masiku angapo osandilankhula. Tsiku lina tikumanga mabelo anandifunsa mwadzidzidzi.

"Unapopadi wekha mjigowo?"

"Eya, ababa. Muli kangaude."

Anapumira m'mwamba. "Ife tinakula nthawi imene funso ngati lako munthu ankasowa nalo. Amalume ako ena anangofunsa za mtengo wa thonje, sanagone kwawo chaka chonse. Inu mwabadwira nthawi ina, sindingakutseke pakamwa. Koma ukafuna kutsutsa wamkulu, uziyamba waona ndi maso ako ngati mmene unachitiramu."

Ine funso langa linali lisanathe. Lolemba lake ndinatsalira m'kalasi n'kufunsa Mayi Zulu kuti, ngati ufulu wolankhula ndi wa aliyense, kodi bwana uja alinso ndi ufulu wonama? Bwanji apolisi osamugwira?

Anasiya kufufuta bolodi. "Kunama n'koipa, makamaka kwa munthu amene anthu anamudalira," anatero. "Mabodza ena amafikadi kukhoti. Koma taganiza, Tadala. Titapereka mphamvu yoti aliyense wonenedwa kuti wanama azimangidwa, amene aziweruza kuti bodza ndi liti akhala ndani? Iweyo kapena bwana uja? Tsiku lija akanakwera galimoto ya apolisi ndani?"

Ndinabwerera kunyumba ndikulitembenuza yankho limenelo, ndipo sindinalikonde. Ndinkafuna kuti wonama alangidwe basi.

Pa esiteti sanatichotse. Kaya anaiwala, kaya anaona kuti fodya wa bambo ndi wabwino, sindidziwa. Mjigo unakhalabe wakufa mpaka nyengo yotentha. Koma pamsonkhano wotsatira wa makolo, azimayi amene kale ankangokhala chete anakana kubalalika mpaka a hedi atavomera kupita nawo ku Boma. Anapita, anabwezedwa, anapitanso. Tsiku lina kunabwera amisiri awiri panjinga yamoto ndi mapaipi atsopano.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo akuluakulu onama sanathe. Ndikamva wina akulonjeza zimene kulibe, mtima umandiwawabe, ndipo nthawi zina ndimalakalaka atatsekedwa pakamwa. Kenaka ndimazindikira kuti loko ameneyo akangopangidwa, kiyi wake sasunga mwana wa tenanti. Bodza la wamkulu silifa chifukwa choti lamulo laliletsa. Limayamba kufooka pamene munthu wamba wapita kukaona yekha, n'kuimirira pagulu kunena zimene waona, madzulo ake n'kukagona kunyumba kwake.