Chikalata Chimene Chinayenda Pansi pa Mvula

Inu amene mukuti zitseko zonse zakutsekekerani, tamvani za Bluma Tarnopol.

Lamulungu lina m'mawa, mu 1958, wapolisi wina dzina lake Dooley anamutulutsa Bluma mu bekale yake manja ali mbuu ndi ufa, buledi akupserera mu uvuni. Mlandu wake unali kugulitsa buledi Lamulungu, ndipo aka kanali kachiwiri. Woweruza sanabise mawu: "Mayi, kachitatu tidzalanda laisensi, pachitseko n'kukhomapo loko."

Bluma anafika ku Amereka yekhayekha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Makolo ake ndi alongo ake onse anaphedwa ku Poland chifukwa chokhala Ayuda. Anatsuka mathireyi a eni ake zaka zisanu ndi zitatu, mpaka anagula uvuni wakewake mumsewu wathu, m'katauni ka ku Pennsylvania. Bekale ija ndiyo inali mayi ake ndi bambo ake.

Ife Ayuda timatseka Lachisanu dzuwa likamalowa n'kupumula Loweruka lonse, poti ndiyo Sabata yathu. Lamulo la khonsolo nalo linkati Lamulungu aliyense atseke. Ndiye anzathu ankagulitsa masiku asanu ndi limodzi, ife asanu okha. Chonsecho Lamulungu lomwelo mpira unkaseweredwa, fodya ankagulitsidwa, kukanema anthu ali piringupiringu. Koma buledi wa mwana wamasiye ndiye anali tchimo! Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bluma analemba chikalata chopempha kuti wotseka Loweruka aziloledwa kutsegula Lamulungu, n'kuyamba kuyenda nacho khomo ndi khomo. Zelig Horowitz, wogulitsa nyama woyandikana naye, anamuseka.

"Iwe Bluma, kuno ndife alendo. Ukufuna atithamangitsenso?"

"Alendo? Pokhoma msonkho amakutchulani mlendo, a Zelig? Tasainani apa, nyama yanuyo yatopa n'kugona mufiriji."

Zelig anasaina akung'ung'udza. Patatha miyezi inayi, maina anakwana 163.

Yankho la khonsolo linabwera laulemu kwambiri. Anati adzamva dandaulolo Loweruka m'mawa, ndipo chikalata chidzaperekedwe pamanja mumsonkhano momwemo.

Ankadziwa chimene ankachita makhansala aja. Pa Sabata sitikwera basi, sitilemba, ndipo sitinyamula kanthu mumsewu, ngakhale kampango ka m'thumba. Unali msampha wadala, nkhanza yovala tayi.

"Ungochipinda n'kuponya m'chikwama," anatero Zelig. "Mulungu atsinzina kamodzi."

"Ndiphwanye Sabata popita kukapempha ufulu wosunga Sabata? Akandiseka, ndipo akakhoza."

"Nanga chikalatacho chimera miyendo?"

Bluma anamuyankha kuti, "Chilibe miyendo, koma eni mainawo ali nayo."

Anabwereranso khomo ndi khomo kukawachonderera kuti adzapite naye ku msonkhanowo. Mainawo ankawaloweza pamtima akukanda ufa, akalakwitsa n'kuyambiranso.

Tsikulo kunacha ndi mvula, ndipo pa Sabata sititsegula ambulera. Tinayenda choncho makilomita asanu ndi imodzi, nkhalamba ndi amayi apakati omwe, manja ali lendelende, mpaka tinadzaza holo ya khonsolo.

Wapampando anayang'ana manja a Bluma n'kumwetulira. "Chikalata chili kuti, mayi? Popanda pepala palibe nkhani."

"Chabwera, bwana, kungoti chanyowa." Anatembenukira kwa anthu aja. "Zelig Horowitz!"

"Ndilipo!"

"Mindel Shapiro!"

"Ndilipo!"

Bluma atafika pa dzina la makumi anayi, wapampando anamenya tebulo. "Zakwana, mayi!"

"Sizinakwane. Mwatiyendetsa pamvula, mumva mpaka lomaliza."

Khansala wina wachikulire, Mkhristu wopemphera ndithu, anagwidwa ndi manyazi. "Alembi, bwanji mwangopinda manja? Lembani mainawo. Pepala lake ndi limenelo."

Bluma anapitiriza. Kwawo ku Poland anasiya maina amene ngakhale atawaitana mpaka kusasa mawu palibe adzayankhe. Koma muholo muja dzina lililonse linayankha. Pamene mwini wake anali chigonere, woyandikana naye ankafuula kuti, "Akudwala, ndawaimira!"

Makhansala anavota, asanu kuvomera, anayi kukana. Anayiwo anatuluka nkhope zili gwa, osatiyang'ana n'komwe.

Lamulungu loyamba lamulo litasintha, mzere pa bekale unafika pamphambano. Mwadzidzidzi Dooley anatulukira pakhomo. Anavula chipewa n'kutsokomola.

"Mayi, akunyumba andituma buledi awiri."

Bluma anapukuta manja pa epuloni n'kuloza kumapeto kwa mzere. "Kaimeni uko, bambo Dooley. Muno lamulo ndi limodzi kwa aliyense."

Wapolisi uja anakaima kumbuyo kwa Zelig.

Inunso mwina akuikirani tsiku limene akudziwa kuti simungabwere. Musagulitse chikhulupiriro chanu kuti akumvereni, komanso musakhale pakhomo n'kumangolira. Gogodani zitseko za anzanu, nyamukani, yendani ngakhale mvula ikugwa. Osataya mtima.